Kachilembo Kofiira pa Pepala la Magazi Anga

Pepala lija ndinalilandira Lachiwiri masana, pa kachipatala kena ka ku Old Airport komwe kampani yathu ya zaulonda imatumiza anthu ake. Apo n'kuti nditatha miyezi khumi ndili ku Doha. Abwana ankafuna kundichotsa pa geti la malo oimikapo magalimoto pomwe ndinkalondera, andipititse pa sukulu ina ya ku Al Aziziya, ndipo eni sukuluyo salola mlonda kuima pa geti pawo asanamuyeze m'thupi. Ine kokayezedwako ndinapita ndikuimba kamluzu. Chibadwire sindinagonepo m'chipatala. Ngakhale malungo amene amandigwira mwaulemu, tsiku lachitatu n'kunditaya.

Dokotala anali bambo wotopa, ndipo panja pa chitseko chake panali mzere wa anthu mpaka pa masitepe. Ankayang'ana pepala, ine osandiyang'ana. Cholembera chake chinatsika ndi manambala mpaka chinaima pa mzere wina pomwe panali kachilembo kofiira, ka L.

"Maselo oyera achepa," anatero m'Chingerezi.

Ndinafunsa kuti maselo oyerawo ntchito yake n'chiyani.

"Ndi amene amalimbana ndi matenda. Chitetezo cha m'thupi. Mubwerenso pakatha milungu iwiri tidzayezenso." Atatero anaitana munthu wotsatira.

Munthu wa dziko lina akanangopinda pepalalo n'kupita kukadya mpunga wake. Koma ine ndine Mmalawi, ndinakulira ku Ntcheu m'zaka zimene maliro ankachita kudikirana. Achimwene anga oyamba kubadwa ndinkawaperekeza ndine kuchipatala, nditawakweza pa njinga, kabuku kawo ka kuchipatala kali m'thumba mwanga. Namwino ankalembamo nambala, ndipo ulendo uliwonse nambalayo inkatsika. Mawu ake ankakhala omwewo: asilikali a m'thupi achepa, chitetezo chatsika. Tinawaika m'manda ine ndisanamalize sekondale. Ndiye dokotala wa ku Doha uja atangotchula chitetezo, ine sindinamvenso china. Ndinatuluka panja, dzuwa likuswa mtengo, koma ine ndikunjenjemera.

Ndinali ndi chifukwa chonjenjemerera, ndipo ndichinene poyera. Mlungu womaliza ndisananyamuke ku Malawi ndinali ku Lilongwe, ku Kawale, kudikira mapepala a ulendo. Mkazi wanga anali kumudzi kwathu ndi mimba ya miyezi isanu, ya mwana wathu woyamba. Anzanga anandikonzera kaphwando kotsanzikana. Kunali mowa, kunalinso mayi wina amene tinaphunzira limodzi. Mowawo sindiunamizira, ndinkadziwa chimene ndikuchita. Linali tsiku limodzi lokha, ndipo sitinadziteteze. Mawa lake ndinakwera minibasi kupita kumudzi kukatsanzika, ndinakhala ndi mkazi wanga masiku atatu monga mwamuna ndi mkazi wake, kenako ndinakwera ndege.

Nditafika ku Doha anandiyeza magazi monga amachitira ndi aliyense wobwera kudzagwira ntchito, ndipo ndinapezeka ndili bwinobwino. Mtima unakhala pansi, nkhani ija ndinaikwirira. Koma tsopano, nditaima podikirira basi ndi pepala m'manja, ndinakumbukira zimene Mmalawi aliyense anaphunzitsidwa pa wailesi, kusukulu ndi kutchalitchi komwe, zoti kachilombo kamabisala miyezi itatu yoyambirira. Ine anandiyeza miyezi itatuyo isanakwane. Ndinakumbukiranso kuti kwathu akakuuza kuti tiyezenso kachiwiri, ndiye kuti koyambako aona kanthu. Basi isanafike n'komwe, mlandu wanga ndinali nditaweruza kale ndekha.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinabwerere kukamufunsa dokotalayo mosapsatira. Kuno si kwathu, komwe umalowa m'kachipinda, akubaye chala, mucheze, utuluke ndi botolo la mankhwala n'kumapitiriza moyo. Kuno tonse timadziwa kuti mlendo akapezeka ndi kachilombo amamukweza ndege. Ndinkaopa kuti ndikangotchula dzina la matendawo ndi pakamwa panga, ndadziperekeza ndekha ku bwalo la ndege. Choncho pepala lija ndinalipinda kanayi n'kulilowetsa m'thumba la malaya a yunifolomu, ndipo sindinauze munthu.

Tinkagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi ku Al Mansoura, pamwamba pa kalesitilanti ka Amwenye, mabedi ake osanjikizana. Amalawi tinalimo awiri, ine ndi bambo wina wa ku Dedza, dalaivala, amene tonse tinkangowatchula kuti madala. Madala anaona kuti masiku awiri mbale yanga ikubwerera yodzaza.

"Iwe, vuto n'chiyani? Ma-results a medical aja atuluka?"

"Atuluka, madala. Akuti ndika-repeat. Akuti magazi achepa."

Ndinawauza theka, theka linalo ndinameza. Madala anaseka mpaka bedi kugwedera.

"Basi? Mafi mushkila, palibe vuto, mphwanga. Magazi timawonjezera. Two weeks ndi nthawi yambiri. Pokafika ku-repeat-ko adzachita kukupempha kuti ena ugawireko odwala."

Madzulo omwewo anabwera ndi jumbo ya masamba ofiira ouma a m'sitolo ya pansi. Aluya amati karkade, koma nditanunkhiza ndinapeza kuti n'chidede chathu chomwechi. Anandiikira malamulo ngati sing'anga weniweni: chidede m'mawa, chidede madzulo, chiwindi cha nkhuku chokazinga pang'ono chabe, bitiruti wamuwisi, ndi tomato wa m'chitini wosakaniza ndi chakumwa chotsekemera. Anadandaula kuti dziko lino lilibe mtengo wa mapeyala, akanandiwiritsira masamba ake nkhani ikanatha tsiku limodzi. Ine ndinkadziwa bwinobwino kuti magazi amene madala akuwonjezerawo ndi ofiira, pomwe dokotala ananena za oyera. Koma ndinkamwa. Ndinali nditathedwa nzeru, ndipo penapake mumtima ndinkati mwina makinawo akaona kufiira kochuluka asokonezeka. Tsiku lachitatu ndinakodza zofiira, ndinakhala pansi m'bafa nditatsimikiza kuti impso zayambapo. Anali bitiruti uja.

Thupi langa lomwe linasanduka mboni yondineneza. Kachiphuphu pakhosi, ndati ndi chimenecho. Thukuta, m'dziko limene ngakhale khoma limatuluka thukuta, ndati ndi chimenecho. Lamba anafuna bowo latsopano chifukwa sindinkadya, ine ndati ndayamba kutha ngati achimwene. M'mawa uliwonse ndinkatulutsa lilime pa galasi la m'bafa mpaka anzanga kugogoda chitseko.

Pa geti tinkakhala awiri m'kanyumba kagalasi, maola khumi ndi awiri tsiku lililonse. Mnzangayo anali wa ku Ethiopia, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, woonda ngati bango koma wokwera masitepe mothamanga osapuma wefuwefu. Ankavala kamtanda kamtengo m'khosi, ndipo Lachitatu ndi Lachisanu sankadya nyama. Iye ankanditchula kuti Malawi, ine ndinkamutchula kuti Habesha, monga amadzitchulira anthu a kwawo, ndipo tinkamvana m'Chingerezi chathu chothyokathyoka. Anandifunsa kangapo kuti chandivuta n'chiyani. Ndinati m'mimba. Anaona botolo langa la chidede n'kunena kuti anthu a ku Malawi timamwa zinthu ngati tikupenta nyumba m'kati. Pepala lija linali m'thumba langa la pamtima, mapewa athu akugundana tsiku lonse.

Koma za ine mwini sizinkandidya kwenikweni. Chimene chinkandipha chinali foni ya masana.

Nthawi yanga yopuma inali 1 koloko, kwathu ili 12. Mkazi wanga ankaimba foni ya vidiyo tsiku lililonse atakhala pakhonde, mwana ali pa bere. Mwana wathu wamkazi, wa miyezi isanu ndi umodzi, amene ndinali ndisanamugwirepo m'manja. Anabadwa movutikira. Mayi ake anamva ululu masiku awiri mpaka anawachita opaleshoni, ine ndikungomvera pa foni ndili pa geti. Kale ndikamuona akuyamwa, kaphazi kakumenya m'mwamba, kutopa konse kunkandichoka. Tsopano ndinkayang'ana timasaya take tikukoka mkaka n'kumaganiza chimene akumeza. Ngati ine ndili nako, mayi ake ali nako, ndipo kuyamwa kulikonse ndi ine amene ndikumumwetsa matenda ndili kutali kuno. Kuti asiye, mkazi wanga anayenera kudziwa. Kuti adziwe, ndinayenera kunena za ku Kawale.

Ndinayesa kuzungulira.

"Mayi a mwana, bwanji mwanayu mumusiyitse bere? Mkaka wa m'chitini ulipo m'masitolo."

Anaseka. "Unamwino mwauyamba liti ku Qatar-ko, bambo a mwana? Mwana wa miyezi sikisi ndimusiyitse, amayi anu andidye wamoyo?"

Tsiku lina ndinati, "Mukamapita kusikelo muziyezetsa zonse, matenda achuluka masiku ano."

"Zonse ziti?"

"Zonse basi."

Anayandikitsa nkhope pa foni. "Inu mukudwala? Maso alowatu m'kati."

"Ndi kutenthaku."

Ndinali wamantha, palibe dzina lina. Ndinkadula foni n'kudziuza kuti mawa. Mawa likafika ndinkati ndidikire Lachiwiri la kuyezanso lija, mwina kuchitika chozizwitsa. Kenako ndinkawerenga kuti kufika Lachiwirilo mwanayo akhala atayamwa kangati. Ndinapemphera mapemphero a munthu wakuba, opempha kuti Mulungu andikhululukire koma asauze aliyense.

Tsiku la khumi ndi limodzi linali Loweruka. Mkazi wanga anaimba monga mwa masiku onse, koma mwana sanali pa bere, anali paphewa akulira mofooka.

"Thupi latentha kuyambira dzulo, ndipo akutsegula m'mimba. Bere akungoligwira n'kulisiya. M'kamwamu mwatupa."

"Mwapita naye kuchipatala?"

"Ndi mano awa, bambo a mwana, musadandaule. Amayi anu amuona."

Ine sindinamve za mano. Ndinaona m'kamwa mwa achimwene anga miyezi yawo yomaliza, mmene ankakanira phala chifukwa cha zilonda. Foni itaduka miyendo inanditengera ku masitepe otsikira pansi pa nyumba imene tinkalonderayo, kumene magalimoto amagona. Ndinatsika mpaka kumunsi kwenikweni, kumene kumanunkha matayala ndi fumbi, n'kukhala pa sitepe. Kuimba sindikanatha, ndikanaona nkhope yake ndikanabwereranso ku nkhani ya kutentha. Ndinadina pojambulira mawu.

"Mayi a mwana, ndikupempheni mumvere mpaka kumapeto. Musamuyamwitsenso mwanayo mpaka mukayezetse magazi, inu ndi iye yemwe. Ine kuno andipeza kuti chitetezo chatsika. Ndinakulakwirani. Nthawi ija ndinali ku Lilongwe, ndisanabwere kudzatsanzika, ndinagona ndi mkazi wina, osadziteteza. Ndinabwera kwa inu ndikudziwa, ndipo ndinakhala chete."

Ndinatchula ndi dzina lomwe la mayi uja, chifukwa ndinkati munthu woti akufa asasiye za theka. Mkazi wanga ankamudziwa. Anavina nawo pa ukwati wathu.

Ndinatumiza. Pansi pajapo foni sinkagwira bwino, uthengawo unangoima. Ndikanatha kuufufuta pomwepo. M'malo mwake ndinakwera masitepe ndi foni m'manja mpaka unapita. Timizere tiwiri tinaoneka, ndipo ndisanafike pa geti tinasanduka tabuluu. Anali atamvera.

Ndinalowa m'kanyumba kagalasi kaja n'kukhala pa mpando. Habesha anatsegulira galimoto ina, anatseka, n'kutembenuka kundiyang'ana.

"Malawi, wamwalira ndani?"

"Ine."

Ndinalibenso choti ndibise. Ndinatulutsa pepala lija, litafewa ndi thukuta la masiku khumi ndi limodzi, n'kumupatsa. Analitambasula pa bondo, anatsitsa chala mpaka pa kachilembo kofiira, anandiyang'ana, anayang'ananso pepala. Kenako anaseka. Anaseka kuseka kwenikweni, mutu atagadamitsa.

Sindine munthu wa ndewu, koma ndinapezeka nditamugwira pa kolala.

"Khalas, khalas," anatero, kutanthauza kuti basi zakwana. "Ndisiye ndikuonetse chinthu."

Anatulutsa foni yake n'kuyamba kufufuza m'zithunzi. Anandionetsa pepala la magazi lofanana ndi langa, la dzina lake. Pa mzere womwewo panali L wofiira. Anandionetsa lina la chaka china, L yemweyo. Pepala lachitatu, chimodzimodzi. Pa mapepala akewo panalinso kachilembo kena kofiira, ka H, pa mzere wa magazi ofiira.

"Chaka chilichonse makina amati oyera ndi ochepa, ofiira ndi ochuluka. Ukundiona ngati wodwala ine?"

Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti munthu amene ndinkatsegula naye geti miyezi yonseyi anagwirapo ntchito zaka zambiri m'chipinda choyezera magazi, pa chipatala cha tauni ina ya kumapiri kwawo. Mapepala ake a sukulu kuno sanawalandire, ndiye anavala yunifolomu ngati ine. Anakoka mpando n'kuika pepala langa pakati pathu.

"Ona apa. Nambala iyi ndi yako. Ziwiri za m'mphepetezi ndi malire. Makina amati munthu wabwinobwino akhale pakati pa ziwirizi. Koma wabwinobwino wa kuti? Malire amenewa anawatenga pa magazi a anthu a kutali, osati a ine ndi iwe. Kwathu madokotala ankaona mlimi wamphamvu, wokwera phiri ndi thumba pamsana, pepala likuti akudwala. Ndiye anayamba kuyeza anthu athanzi a kwathu komweko, akuluakulu, amuna ndi akazi, kuti adziwe magazi athu amakhala bwanji tikakhala bwino. Anapeza kuti ambiri mwa ife maselo oyera amakhala ocheperapo, ngakhale aja a CD4 amene anthu amawaopa. Ofiira, ife a kumapiri, amachuluka chifukwa mpweya kumeneko ndi wopepuka. Za oyerazi si ife tokha, anthu akuda ambiri anabadwa choncho."

Anabwezera chala pa pepala langa lija.

"Ndiponso mzere wakowu si wa CD4 n'komwe, ndi mtundu wina wa maselo oyera. Umadwaladwala? Zilonda zimachedwa kupola?"

Ndinapukusa mutu.

"Ine si dokotala, Lachiwiri upite ndithu, akuyezenso. Koma ine mapepala ngati ili ndawagwira ambiri, eni ake akudikira panja ndi khasu."

Ndinatulutsa foni. Ndinafufuta uthenga uja, ngati kuti kufufutako kukautulutsa m'makutu mwa munthu. Ndinayang'ana nthawi. Kuchokera pamene ndinatumiza kufika pamene Habesha anamaliza kuyankhula panadutsa mphindi zosakwana makumi anayi. Masiku khumi ndi limodzi ndinakhala ndi pepala m'thumba pambali pa munthu ameneyu, ndikumwa chidede.

"Wamuuza chiyani mkazi wako?" anafunsa atasuzumira pa foni yanga.

Ndinamuuza. Kuseka kuja kunathera pomwepo. Anagwira kamtanda kake, n'kunena kuti ndikhale pansi, geti aligwira yekha mpaka madzulo.

Ndinaimba foni kasanu tsiku lomwelo, inkangolira. Lamulungu inkangolira. Lolemba inali yozimitsa. Ndinalemba mauthenga ataliatali ofotokoza za malire a manambala, za anthu a ku Ethiopia, za mpweya wa kumapiri, ngati kuti nkhani imene inali pakhomo panga inali ya mapiri. Sindinkadziwa ngati mwana wachira, ngati akuyamwa, ngati uthenga wanga wamuchotsa pa bere ali wodwala. Kuimbira amayi ndinkaopa. Madala, osadziwa kanthu, ankangowiritsa chidede n'kumati, "Limba, mphwanga, mawa ndi final."

Lachiwiri ndinapeza dokotala wina, mayi wa ku Sudan wovala magalasi. Ananditenganso magazi, ndinadikira, anandiitana. Kachilembo kofiira kanali pomwepo, chidede chonse chija osasuntha kanthu. Mayiyo anandifunsa mafunso omwe aja a Habesha, anandiyang'ana m'kamwa, anandigwira m'khosi ndi m'khwapa, anayerekeza mapepala awiriwo. Kenako anati zimenezi amaziona kawirikawiri mwa anthu a ku Africa ngakhale mwa Aluya ena, ndipo iye mwini magazi ake ali choncho. Analemba pambali kuti ndi mmene ndinabadwira, n'kudinda chidindo choti ndili bwino, ndikhoza kugwira ntchito.

Ndinali nditaima kale pamene ndinadzikakamiza kufunsa. Ndinatchula dzina la matenda aja motsitsa mawu, ndikuyang'ana chitseko.

Anatembenuza kompyuta kuti ndione. "Zimenezo tinayeza tsiku loyamba lomwe lija, zili pa tsamba limene limapita ku ofesi kwanu. Mulibe."

Ndinatuluka n'kukhala pa benchi ya panja. Ndiyenera kuvomera kuti ndinasangalala, chisangalalo chopusa cha munthu amene waiwala kuti nyumba yake ikupsa. Ndinajambula pepala latsopanolo ndi chidindo chake n'kutumiza kwa mkazi wanga, pansi pake ndikulemba kuti tonse tili bwino, Mulungu ndi wabwino. Ndinkaganiza kuti ndamutumizira mphatso.

Anaimba ndili m'basi. Sinali ya vidiyo. Ndinatsika pa siteji yotsatira n'kuima pamthunzi wa sitolo ina.

"Pepala lanu ndaliona," anatero. Mawu ake anali odekha, ndipo sananditchule kuti bambo a mwana.

"Ndilibe, mayi a mwana. Inunso mulibe, mwananso alibe. Anali makina chabe."

"Zoti ndilibe ndikudziwa. Anandiyeza ndili ndi mimba, anandiyeza pobereka, anandiyezanso kusikelo mwezi wathawu. Zonse zili m'kabuku. Mukanangondifunsa kuti kusikelo amati chiyani, ndikanakuwerengerani."

Ndinatsamira khoma. Ndinafunsa za mwana.

"Atuluka mano awiri. Akuyamwa."

Ndinayamba kupepesa, mawu akugwerana, koma anandidula.

"Dikirani, ine ndinakumverani mpaka kumapeto. Pali chimene simukuchidziwa. Masiku awiri aja mwana akukanika kutuluka, amayi anu ndi azakhali anu anandikhalira uku ndi uku. Anati mwana sapingika popanda chifukwa, wina mwa awirinu anayenda njira ina mimba ili m'kati. Anati inu mwana wawo muli kunja mukupsa ndi dzuwa chifukwa cha ine, ndiye wolakwa simungakhale inu. Anandiuza kuti nditchule maina a amuna anga kuti njira itseguke. Ine ndikubuula, iwo akuti tchula. Ndinalumbira mpaka mawu kutha. Azakhali anu chiyambire tsiku limenelo sadya chimene ndaphika ine."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinkati muli pa dzuwa, ndisakuwonjezereni katundu."

Magalimoto ankadutsa, munthu wina anandigunda ndi jumbo potuluka m'sitolo.

"Anamwino anati vuto linali chiuno changa, ndipo ine ndikuwakhulupirira anamwinowo," anapitiriza. "Koma amene anafunsidwa ndine. Inu palibe anakufunsani. Uthenga wanu uja ndinausunga musanaufufute. Lamulungu tikuchokera kutchalitchi ndinawaitana amayi anu ndi azakhali anu pakhonde, ndinaika foni pa mphasa, anamvera okha mpaka kumapeto. Pano ndili kwathu ndi mwana. Ankhoswe akuimbirani."

"Mubwerera?"

"Mwana akulira," anatero, ndipo foni inaduka.

Ankhoswe anaimbadi. Anati nkhani yotere sikambidwa pa foni, idikire ndikadzapita kutchuthi. Amayi anga sanandiyankhule mwezi wathunthu, ndipo atayamba kundiyankhula anangondifunsa ngati ndikudya. Madala nditawauza zonse anatenga jumbo ya chidede chotsala n'kukaipatsa mnyamata wophika wa m'lesitilanti ya pansi.

Ndinapita ku Al Aziziya, pa geti la sukulu ija, komwe ndili mpaka pano. Habesha anatsala pa geti lakale, timaonana Lachisanu lina tikapuma limodzi. Masiku ena ndimapsa mtima ndi makina aja, ndi aliyense amene anaika malire a magazi a munthu osafunsa kuti munthuyo ndi wa kuti. Ndimapsa mtima ndi dokotala wotopa uja amene akanangowonjezera mawu awiri. Tsiku lina ndinamuuza Habesha kuti akanandilanda pepala lija m'mawa wa Loweruka, banja langa likanakhalapo.

"N'zoona," anatero. "Ndipo ukanamuuza liti mkazi wako?"

Tonse awiri tinkalidziwa yankho. Ndikanakhala chete mpaka kulowa m'manda, ndipo azakhali akanapitiriza kukankhira kumbali mbale ya mkazi wanga, iye n'kumandisekerera pa foni kuti ndisadziwe.

Chaka chino anandiyezanso, kachilembo kofiira kali pomwepo. Ndinakayang'ana ngati mmene umayang'anira chipsera cha pabondo. Alamu anga amanditumizira chithunzi cha mwana mwa apo ndi apo, popanda mawu. Pa chomaliza anali ataima yekha atagwira mpando, mano ali mbee, ndipo m'mphepete mwa chithunzicho munkaoneka dzanja la mayi ake lokha, litatambasuka kuti asagwe.

Nthawi yanga yopuma ikadali 1 koloko. Ikakwana ndimaika foni pa tebulo, galasi lake likuyang'ana kumwamba, ndipo chakudya ndimadya ndi dzanja limodzi. Lero sinalire.